NYUMBA YA M'KAMPU NJOBWEREKA: KONZEKERANI TSIKU LOBWEZA MAKIYI

Sabata yino tikambirane nkhani imene ikhudza mabanja a asilikali athu, pamodzi ndi ena onse amene akhala m'nyumba za Boma cifukwa ca nchito. Nkhani yace ndi ya tsiku lija limene banja litulutsa katundu m'nyumba, akuluakulu nabwera kudzaiyendera cipinda ndi cipinda, makiyi nabwezedwa kwa mwini wace, ndiye Boma.

Caka catha, mvula itangokata, ndinakwera basi pano pa Chipata kupita kutsidya kwa Luangwa, ku kampu yina ya asilikali kumene alongo anga anakhala zaka 9. Alamu anga, amene anali sajeni, anali atafika pa nthawi yopuma pa nchito, ndipo ine ndinaitanidwa kuti ndikathandize kumanga mitolo. Ndinafika madzulo ndi kupeza nyumba ili pululu, katundu yense ali pakhonde, alongo anga ali cogwada pabalaza, ali kupaka Cobra pansi ndi kansanza. Anali atagwira nchito imeneyi masiku atatu, kotero kuti maondo anali atatupa ndipo m'manja munali matuza.

"Alongo, bwanji osapumulako? Nyumbayi muisiya mawa lomweli," ndinatero ine.

"Iai alongo," anayankha osadzutsa mutu, "ndifuna kuti akabwera mawa adzadzione nkhope pansipa. Asadzanene kuti mkazi wa sajeni anali wauve."

M'mawa mwace kunabwera amuna atatu, mmodzi atanyamula buku. Pansi paja, pamene panathera mphamvu za alongo anga, anangopayang'ana kamodzi napitirira. Anakaima nthawi yaitali kukhichini, pa sinki imene inali ndi mng'alu, ndiponso pa windo la kucipinda limene linalibe magalasi awiri.

"Amai, sinki iyi inang'aluka liti?"

"Tinaipeza tero, bwana, tsiku limene tinalowa."

"Nanga pepala limene munasaina polowa lili kuti?"

Alamu anayang'ana alongo anga, alongo anga nayang'ana alamu. Pepala lao linali litatayika kalekale. La ku ofesi linalipo, ndipo linanena kuti zinthu zonse m'nyumbamo zinali zabwino, pansi pace pali dzanja la alamu anga. Iwo anasaina ali ciimire, mtima uli m'mwamba ndi cimwemwe kuti apeza nyumba atadikira nthawi yaitali. Anthu atatu aja sanalakwe ciri conse, pakuti iwo atsata zolembedwa. Banja lija linalipira sinki imene silinaswe. Pobwerera ndinadzilonjeza kuti ndidzalemba za nkhaniyi, cifukwa ndinaona kuti mlandu wa tsiku lotuluka uweruzidwa ndi zimene munthu anacita tsiku lolowa.

NYUMBAZI NZA YANI?

Pano pa Chipata tili ndi kampu ya Gondar, imene ambiri a ife timangoicha Gonda. Dzinali ndi la mzinda wa ku Ethiopia kumene asilikali a Italy anagonja pa 27 November 1941, pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, atapanikizidwa ndi magulu a nkhondo a Angelezi m'mene munali asilikali ambiri aciAfrika. Makampu ena a m'dziko muno alinso ndi maina a mtundu womwewo. Tug Argan ku Ndola ikumbutsa nkhondo ya mu August 1940 ku Somaliland, kumene gulu loyamba la Northern Rhodesia Regiment linalimbana ndi adani ocuruka kuposa iwo. Arakan ku Lusaka, Chindwin ku Kabwe ndi Kalewa ku Ndola ndi maina a malo a ku Burma, dziko limene lero lichedwa Myanmar, kumene makolo athu anakamenyako nkhondo. Gulu la Northern Rhodesia Regiment linakhazikitsidwa mu 1933, ndipo dziko litalandira ufulu mu 1964 linasanduka Zambia Regiment.

Kucokera ku mbiri imeneyi gulu lathu la nkhondo linatenga maina, linatenganso mwambo wa kasungidwe ka katundu. Pa usilikali cinthu ciri conse ciwerengedwa. Mfuti, jombo, bulangeti ndi cipewa zipatsidwa kwa munthu atasaina, ndipo pa nthawi yace afunsidwa kuti azionetse kapena kuzibweza. Nyumba nayo ili m'gulu lomwelo. Asilikali a ku Britain acha tsiku lolandira nyumba kuti march in, ndi tsiku loibweza kuti march out, ngati kuti kulowa ndi kutuluka m'nyumba ndi perete. Masiku onse awiri mkulu woyang'anira katundu ayenda ndi mndandanda wace, naonetsetsa kuti zimene zinaperekedwa ndizo zabwezedwa.

Msilikali aphunzira zimenezi ali kamnyamata ku maphunziro ace oyamba, ndipo sizimudabwitsa. Koma mkazi wace ndi ana ace sanapiteko ku maphunziro amenewo. Kwa iwo nyumba ija ndi kwao. Mwana anabadwira m'menemo, naphunzira kuyenda atagwira zipupa zomwezo, ndipo mtengo wa mango umene uli kuseri anaubzala ndi amace. Pa zaka zija za kumapeto kwa ma 1980, pamene zigawenga za RENAMO zinali kusautsa midzi ya m'malire ku Chadiza, Katete ndi Petauke, amuna anali kugona kuchire, ndipo osunga nyumba anali akazi. Cimodzimodzi kuyambira 2015, pamene asilikali athu anayamba kupita ku Central African Republic kukasungitsa mtendere pansi pa bungwe la United Nations, wotsala pakhomo ndiye adziwa pamene denga lidontha ndi loko imene ibvuta. Cotero wosaina pepala ndi wina, wodziwa nyumba ndi wina. Pamenepa ndipo payambira mabvuto ambiri. Masiku ano kuli asilikali aakazi ambiri amene amuna ao ndiwo atsala pakhomo, ndipo mau awa ndi ao omwe.

TSIKU LOLOWA

Banja limene lapatsidwa nyumba lisafulumire kulowetsa mipando. Nyumba yopanda katundu ionetsa zilema zace zonse, koma kabati ikangoima pacipupa, mng'alu wabisika kufikira tsiku lotuluka. Mwamuna ndi mkazi ayende pamodzi ndi woyang'anira nyumba, dzuwa lili kuwala, ndipo ayese cinthu ciri conse ndi dzanja. Atsegule ndi kutseka zitseko zonse, awerenge makiyi a loko iri yonse, awerenge magalasi a pa mawindo limodzi limodzi, atsegule pompi, agujumule cimbudzi, ayatse magetsi m'cipinda ciri conse, ayang'ane kudenga ngati pali mathotho a madzi a mvula, agogode mafelemu a zitseko kuti amve ngati ciswe cinalowamo. Ngati muli sitovu kapena katundu wina wa Boma, aone kuti ali kugwira nchito ndiponso kuti nambala yace ifanana ndi imene yalembedwa.

Cilema ciri conse cilembedwe pa pepala munthu asanasaine. Ambiri acita manyazi, poganiza kuti aoneka ngati osayamika kapena ngati ali kutsutsana ndi mkulu wao. Kumbukirani kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kupempha mwaulemu kuti, "Bwana, tilembeko kuti galasi ili ndi losweka," si mwano. Woyang'anira nyumba nayenso athandizidwa, cifukwa buku lace likhala loona.

Mukasaina, pemphani pepala lanu, ndipo mulisunge pamodzi ndi zikalata za ukwati ndi makhadi a ana a ku cipatala, kumene mbewa ndi ciswe sizifika. Lero pafupifupi nyumba iri yonse ili ndi foni yojambula zithunzi. Jambulani pepalalo, jambulaninso zilema zonse za m'kati mwa nyumba, ndi kutumiza zithunzizo kwa mbale wanu wina kuti foni ikatayika umboni usatayike. Koma popeza m'kampu muli malamulo oletsa kujambula malo ena, yambani mwafunsa, ndipo musajambule kanthu kunja kwa nyumba yanu.

KUTHA NDI KUONONGA

Pali kusiyana pakati pa cinthu cimene catha cifukwa ca ukalamba ndi cinthu cimene caonongedwa. Penti isuluka ndi zaka, mphira wa m'pompi utha, malata acita dzimbiri. Zimenezi ndi za mwini nyumba, ndipo munthu wacilungamo sangalipiritse banja cifukwa ca izo. Koma galasi limene lasweka ndi mpira wa ana, citseko cimene cathyoledwa makiyi atatayika, cipupa cimene cada bii ndi mwaye wa mbaula, zimenezo ndi za wokhalamo.

Cobvuta ndi cakuti cilema ca ukalamba cikasiyidwa osanenedwa cisanduka mlandu wa wokhalamo. Denga likayamba kudontha mu December, inu n'kungochera beseni, pofika March siling'i yafufuma ndi kugwa. Pa tsiku loyendera adzakufunsani kuti, "Munanena kwa yani?" Mukati munauza uje pa njira, mauwo apita ndi mphepo, ndipo mwina ujeyo anasamutsidwa kale. Nenani mwa kalata, lembani tsiku, sungani ina yofanana nayo. Ngakhale amisiri acedwe kubwera, kalata ija idzakuimirani. Ciswe makamaka cisalekereredwe, pakuti kuno kwathu cigwira nchito usiku ndi usana, ndipo felemu imene ioneka yamoyo kunja ikhoza kukhala dothi lokhalokha m'kati.

Za mbaula tinenepo mau ena. Magetsi akazima, monga tinaonera pa cilala ca 2024 pamene madzi anacepa ku Kariba, amai ambiri alowetsa mbaula m'nyumba. Mwaye udetsa zipupa ndi siling'i, ndipo sucoka ndi madzi okha. Coopsa koposa ndi cakuti makala oyaka m'cipinda cotseka atulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha, ndipo anthu afa ali m'tulo. Mbaula ikhale pakhonde kapena panja.

Cinanso ndi zomanga zathu. Tonse tidziwa kuti malipiro sakwana, ndipo kuseri kwa nyumba zambiri kuli khola la nkhuku, kakhichini ka malata akale, kapena kamunda ka repu ndi cimanga. Musanakhome msomali waukulu, musanaboole cipupa, musanasinthe loko kapena mtundu wa penti, funsani cilolezo. Safunsa anadya phula. Cimene mwamanga popanda cilolezo mudzauzidwa kuti mucigwetse, ndipo cimene mwacotsa mudzauzidwa kuti mucibwezere. Mukasintha loko, sungani yakale pamodzi ndi makiyi ace.

KALATA IKAFIKA

Kalata yosamutsa kapena yopumitsa pa nchito ikafika, nchito yoyamba si kugwira tsache. Tulutsani pepala lija la tsiku lolowa, muyende nalo m'nyumba monga adzayendera akuluakulu, ndi kulemba zonse zimene zasintha. Pambuyo pace pitani kwa woyang'anira nyumba mukafunse tsiku loyendera ndi zimene afuna kudzaona. Ngati abvomera kubwera kudzaona nyumba tsikulo lisanafike, ndi mwai waukulu, cifukwa adzakulozerani zofunika kukonza nthawi ikalipo. Galasi limene mwagula nokha m'sitolo ndi kuikitsa ndi mmisiri mudziwa mtengo wace. Limene lalembedwa m'buku ngati mlandu mtengo wace auchula ndi ena.

Yambani ndi zokonza, zotsuka zibwere pambuyo. Bwezerani magalasi, zogwirira za zitseko, mababu ndi makiyi osowa. Zulani misomali imene munapacikapo zithunzi ndi makalendala, mutseke mabowo ace. Za magetsi musagwire nokha, itanani wodziwa. Nyumba zambiri zakale za Boma zinafoleredwa ndi asibesitosi, ndipo denga lotere musalipale, musaliboole kapena kuliswa, popeza fumbi lace liononga mapapo, ndiponso munthu akakwerapo likhoza kuboomoka.

Potsuka yambani kumwamba kutsikira pansi: akangaude kudenga, zipupa, mawindo, ndipo pansi pakhale potsiriza katundu atatuluka. Mafuta a pa sitovu ndi pa cipupa ca kukhichini acoka ndi madzi otentha ndi sopo, koma afuna kuwanyowetsa ndi kudikira. Ku cimbudzi ndi kubafa cenjerani ndi mankhwala. Musasakanize Jik ndi mankhwala ena otsukira cimbudzi poganiza kuti ayeretsa msanga, cifukwa akasakanizika atulutsa mpweya wotsamwitsa umene ungagwetse munthu m'kacipinda kotseka. Ngati m'nyumba muli mphemvu kapena nsikidzi, thirani mankhwala masabata angapo tsiku lisanafike, kuti musasiyire anzanu ndiponso kuti musapite nazo kumene muli kupita.

Panja napo ndi nyumba. Chechani udzu, kwirirani dzenje la zinyalala, tsegulani ngalande, gwetsani khola ngati mwauzidwa kutero ndi kusalaza malo ace. Za kamunda kambiranani msanga. Kalata siyang'ana nyengo, ndipo ikhoza kufika mu February cimanga cili ndi ngaiyaye. Pamenepo ndi bwino kupangana ndi banja lodzalowa kapena ndi mnansi pamaso pa mboni, kuti pasadzakhale kukangana pa nthawi yokolola. Mtengo wa zipatso usadulidwe cifukwa ca kaduka. Inunso munadya mango a mtengo umene anabzala ena.

Musaiwale za ana a sukulu. Pemphani makalata osamutsira ana kwa aphunzitsi aakulu nthawi ikalipo. Mwana amene analembetsa kale mayeso a kumapeto kwa caka alembera pa sukulu pamene analembetsa, ndipo makolo ayenera kuganiza msanga za mbale kapena mnansi wokhulupirika amene angamusunge kufikira atatsiriza. Ngongole za pa kantini ndi za kwa anansi zibwezedwe, pakuti akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.

Ndipo abambo, nchito yonseyi si ya amai okha. Alongo anga anatupa maondo cifukwa anagwira okha nchito ya anthu anai. Amene atha kupukuta jombo kufikira iwale ngati kalilole athanso kupukuta mawindo.

TSIKU LOYENDERA

Pa tsikulo katundu akhale atatuluka, makiyi onse ali pamodzi, pepala lanu lili m'manja. Mwamuna ndi mkazi akhalepo onse awiri. Yendani pambuyo pa oyendera m'cipinda ciri conse, ndipo cimene alemba mucione. Ngati simubvomerezana nao pa cinthu cina, nenani mofatsa pomwepo, onetsani pepala kapena cithunzi, ndi kupempha kuti mau anu alembedwenso. Musasaine pepala limene simunaliwerenge, ngakhale lole ili kulira panja. Ngati pali colipira, funsani kuti ndi zingati, ndi ca ciani, ndipo cidzalipidwa motani, kuti musadzadabwe poona ndalama zitadulidwa pa malipiro. Ngati nyumba ili ndi mita ya madzi kapena ya magetsi, manambala ace alembedwe onse akuona. Potsiriza landirani pepala losonyeza kuti mwabweza nyumba ndi makiyi, ndipo mulisunge monga munasungira loyamba lija. Pepala limeneli likhoza kudzafunidwa pamene muyendetsa za ndalama zanu zopumira.

LOLE IKATULUKA PA GETI, ILOZA KUTI?

Tsopano ndifike pa mbali imene inandiwawa koposa sinki ija. Lole itanyamula katundu wa alongo anga, tinaoloka Luangwa, tinapitirira Nyimba, Petauke ndi Katete, ndipo tinafika pa Chipata usiku. Nyumba imene alamu anayamba kumanga zaka zapitazo inali italekera pa mawindo, udzu utamera m'zipinda. Banja la anthu 7 linalowa m'zipinda ziwiri za lendi ku Kapata, mipando ina inasungidwa kwa ine, ndipo ina inagona panja itafundidwa pepala la pulasitiki. Munthu amene anatumikira dziko kuyambira unyamata wace anayamba ukalamba wace pa khomo la eni.

Akuluakulu akumbukira kuti mu 1996 Boma la President Frederick Chiluba linayamba kugulitsa nyumba za Boma ndi za makhonsolo kwa anthu amene anali kukhalamo. Akalaliki ambiri ndi anchito ena anasanduka eni nyumba pa nthawi imeneyo. Koma nyumba zomangidwira nchito ya pamalo, monga za m'makampu a asilikali, sizinali m'gulu logulitsidwa, ndipo cifukwa cace ncomveka: kampu singagulitsidwe cipinda cipinda, popeza msilikali watsopano afunika pogona pafupi ndi nchito yace. Conco msilikali asayembekeze kuti nyumba ya m'kampu idzakhala yace, ngakhale akhalemo zaka 20.

Ena ati adzamanga ndi ndalama za penshoni. Nzoona kuti lamulo lalikulu la dziko, monga linakonzedwera mu 2016, linena pa ndime 189 kuti ndalama zopumira zilipidwe msanga, ndi kuti munthu amene sanalipidwe pa tsiku lace lotsiriza aleke nchito koma dzina lace likhalebe pa mndandanda wa malipiro kufikira atalipidwa. Ndimeyi ndi cishango cabwino, koma ikamba za malipiro. Za masiku amene banja liloledwa kukhalabe m'nyumba, munthu afunse kwa akulu ace ndi kulandira yankho lolembedwa, osadalira zimene anamva kwa mnzace. Ndiponso nyumba simangidwa sabata imodzi. Ndalama zikafika, lendi, sukulu ya ana ndi abale obwera kudzaona wopuma ziyamba kuzidya njerwa isanagulidwe.

Palinso tsiku lina lobweza makiyi limene palibe alifuna, ndilo la mkazi wamasiye. Lamulo la 1989 la cuma ca munthu womwalira wosasiya wilo linagawa cumaco motere: magawo 20 pa 100 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 50 kwa ana, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena amene womwalirayo anali kuwasunga. Linanenanso kuti nyumba ya womwalira ikhale ya ana ndi wamasiye, ndipo wamasiyeyo akhalemo moyo wace wonse pokhapokha atakwatiwanso kapena kukwatiranso. Koma lamuloli ligawa zimene zinali za munthuyo. Nyumba ya m'kampu sinali yace, cotero wamasiye alibe gawo pa iyo, ndipo maliro akatha nthawi idzafika yoti atuluke. Msilikali amene akonda banja lace aganizire zimenezi akali ndi moyo, pakuti nchito yace ndi yoyenda pafupi ndi imfa.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Msilikali wacinyamata amene walandira makiyi a nyumba ya Boma caka cino ayambe caka comwecino kufuna malo ace. Amene afuna puloti m'tauni apite ku khonsolo, ndipo asapereke ndalama kwa munthu wa pa njira amene alibe zikalata. Amene afuna malo kumudzi, kaya ndi kwa Mpezeni, kwa Gawa Undi kapena kwa mfumu yina, apite kwa nyakwawa ndi kwa mfumu monga mwa mwambo, pamodzi ndi mboni. Lamulo la malo la 1995 lilola munthu kusandutsa malo a mwambo kukhala a cikalata ca zaka zofika 99, mfumu ndi khonsolo zikabvomereza. Dziwaninso kuti lamulo la 1989 lija silikhudza malo amene ali pansi pa mwambo, ndipo cifukwa cace ndi nzeru kuti mkazi ndi ana adziwike kwa nyakwawa ndi kwa abale, ndi kuti mwamuna alembe wilo. Amai aone zikalata za malowo ndi maso ao, adziwe pamene pali malire ndi pamene zikalatazo zisungidwa.

Kumanga kukhale kwa pang'onopang'ono. Caka cino njerwa, caka ca mawa maziko, cinaco malata. Ndalama za ku ulendo wosungitsa mtendere, zimene ena agulira galimoto yakale imene ifa caka cisanathe, zikhoza kufolera nyumba yonse. Zipinda ziwiri zofoleredwa ndi citseko cokhoma zikwanira kulandira lole pa tsiku lobwerera. Zina zidzaonjezedwa muli m'kati.

Alamu anga tsopano afolera zipinda ziwiri, ndipo akhulupirira kuti mvula ya caka cino idzawapeza m'nyumba yao. Sabata yatha ndinawapeza ali kusakaniza simenti, ndipo ndinawafunsa cimene angauze anyamata amene atsala m'kampu.

"Alamu," anatero akupukuta thukuta, "muwauze kuti awerenge asanasaine, ndipo mapepala asunge ndi amai. Muwauzenso kuti kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka."

Mauwo ndawapereka monga ndinatumidwa. Amene muli ndi funso pa nkhani ya nyumba za Boma, kaya ndinu asilikali, apolisi, aphunzitsi kapena anamwino, tilembereni kalata, ndipo tidzayesa kukufunsirani kwa oyenera. Tikumanenso sabata ya mawa pa tsamba lomwe lino.